Telala amene anatumiza maliro pa mphepo

A Mlongoti tinawaika m'manda mwezi wa Juni, ndipo anthu anali ochepa kuposa m'mene zikanakhalira. Kuchepako anakufuna okha. Atatsala masiku atatu kuti atisiye, anaitana mwana wa mlongo wawo n'kumuuza kuti uthenga wa maliro awo usapite ku wailesi. Upite ndi miyendo, anthu awiriawiri, monga kale. Pa onyamula uthengawo anatchulapo ndi dzina langa, ine yemwe ndinawasumira pabwalo la mfumu zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Sindikudziwa ngati kunali kundilemekeza kapena kundikumbutsa. Kwa munthu uja zonse ziwiri zinali zotheka.

Dzina lawo lenileni anali a Yelemiya Banda, koma pa Nsaru ukafunsa dzina limenelo anthu ankayamba ayang'anizana kaye. La Mlongoti linabwera ndi nsungwi yaitali imene anazika pakona pa khonde lawo m'zaka za Chitaganya, n'kumangirirapo waya wa wailesi. Pamaso pawo tinkati a Banda. Wailesiyo inali ya mtundu uja tinkati sefuliya, yobulungira, yabuluu, ya batire lalikulu ngati njerwa ziwiri. Kupatula ya ansembe ku mishoni, inali yoyamba m'dera lathu lonse. Anaisokera chovala cha khaki cha mabatani atatu, ndipo ankaivula madzulo okha, dzuwa likapendeka, nthawi ya Chinyanja ikakwana. Woulutsa mawu akapereka moni, iwo ankavula chipewa n'kuyankha kuti ali bwino, kaya kumeneko. Tikaseka ankati munthu akakupatsa moni pakhomo pako umamuyankha, ngakhale akulankhulira mumphika.

Ntchito yawo inali yautelala. Makina ankakhala pakhonde pomwepo, mapini kukamwa, tepi m'khosi. Anali ndi khalidwe limene linkatopetsa anthu: sankayeza munthu asanamufunse kwawo. Kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, amalume anu ndani, pano munabwera liti. Zonse ankalemba m'kope lalikulu pamodzi ndi miyeso, n'kusokererapo kachidutswa ka nsalu imene munthuyo wabweretsa. Ife a m'mudzi tinkati ndi mijedu chabe yovala tepi. Matenanti a pa esiteti ya kutsidya, anthu ochokera ku Mulanje ndi ku Chiradzulu amene ankalima fodya wa chikopa, ndiwo ankakondwa nazo, chifukwa panalibe wina aliyense pa Nsaru amene ankawafunsa maina. Ndipo chovala chilichonse akamaliza, ankasokamo kamtanda ka ulusi wofiira mkati mwa mpendero. Ankati n'cholinga choti telala wina asadzanamizire ntchito yake yokhota kuti ndi yawo.

Sanali munthu wophweka. Batire ankaliumira kwambiri, moti ankatha kuzimitsa wailesi nyimbo ili pakati, anthu akugwedeza mitu, n'kuiveka chovala chake osayang'ana aliyense. A Nankhoma, mayi amene ankafulula mowa kuseri kwa nyumba yawo, anakangana nawo zaka zonse zimene ndikukumbuka. Ankadandaula kuti sefuliya ikuwalanda anthu pa mowa, koma nthawi ikakwana ankakhala oyamba kuyala chiguduli pafupi ndi khonde. A Banda ankawatcha woulutsa wachiwiri, poti nkhani iliyonse ikatha, a Nankhoma ankaibwereza ndi ndiwo zawozawo.

Mlandu wanga ndi a Banda unachokera pa madzi. Chaka china, mwezi wa Febuluwale, mvula inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi, dzuwa litakwera pang'ono, damu la pa esiteti linagumuka. Amuna anali kumtunda, ku zigafa zoyanikamo fodya. Amayi ndi ana anali kumunsi, m'malaini a nyumba za matenanti m'mbali mwa dambo, ena akusoka fodya pansi pa chisakasa. Madzi anabwera kamodzi n'kukokolola zonse. Mlongo wanga Esinala anali komweko. Anapita m'mawa kukagwira ganyu yosoka fodya, ana ake awiri atawasiya ndi amayi athu. Mwamuna wake Zefaniya anali ku mgodi wa malasha ku Wanki.

Patapita masiku awiri, pakhonde pa a Banda panadzaza anthu monga sindinaonepo. Tonse tinkafuna kumva ngati dziko lamva za ife. Woulutsa anati mvula yaononga fodya wa chikopa kumbali ya Lilongwe. Anati mlatho wa pa msewu wakokoloka ndipo galimoto ya makalata ichedwa. Kenaka anati akuti anthu angapo akusowa. Atatero anapita pa nkhani ya mitengo ya mtedza.

"Basi?" anafunsa a Nankhoma. "Kodi a Banda, wamaliza ameneyu?"

"Wamaliza."

"Fodya ali ndi dzina, eti? Mlatho wautchula. Galimoto waitchula. Koma anthu ndi angapo! Tikukumba manda kuyambira dzana, iye akuti akuti. Zimitsani chimphika chanucho."

Anthu ambiri anavomereza, ine ndemwe. Wina anati wailesi ndi ya azungu, imawerenga zimene zimawapweteka eni ake. Wina anati nsungwi ija igwetsedwe. Popeza woulutsa anali kutali, mkwiyo wonse unagwera amene anali pafupi. A Banda anayesa kumuikira kumbuyo. Anati munthu uja sanauonepo mtsinje wathu, amawerenga kapepala kamene kachokera ku boma pa lamya, ndipo telala ukamupatsa nsalu yochepa usamutukwane kuti malaya afupika. Palibe anamva. A Nankhoma anapinda chiguduli chawo n'kuwauza kuti ngati akumudziwa chotero mnzawoyo, amupatse nsalu yokwana.

Ndikhulupirira kuti mawu amenewo ndi amene anawadzutsa a Banda. M'mawa mwake anatseka makina, anakulunga kope m'chikopa cha mbuzi, n'kutsika ndi mtsinje pamodzi ndi amuna amene ankafunafuna mitembo. Anayenda masiku anayi, mpaka pafupi ndi pamene mtsinjewo umathira mu Bua. Munthu akakhala m'madzi masiku otere nkhope siyithandiza, ndipo amuna ena a ku esiteti ankalephera kuzindikira akazi awo. A Banda sankayang'ana nkhope. Ankagwada, kutembenuza mpendero, kufuna kamtanda kofiira. Akakapeza ankatsegula kope, kuyerekeza nsalu ndi tizidutswa, mpaka atapeza tsamba lake. Pamenepo ankatchula dzina, mudzi ndi mfumu, mokweza, ngati akuitana munthu kuti adzatenge chovala chake. Amene anavala zogula m'sitolo kapena zosoka telala wina, ambiri anaikidwa opanda maina, ndipo zimenezi ankazidandaula mpaka ukalamba. Pa manda a aliyense amene anamuzindikira anazikapo kamtengo, n'kumangirirapo kansalu kochokera m'kope.

Esinala anamupeza ndi iwo, m'bango, tsiku lachitatu. Anamudziwa ndi delesi la maluwa achikasu limene anamusokera pa Khirisimasi, nsalu yake yochokera ku Wanki. Anatuma munthu kudzandiitana, ndipo nditafika ndinapeza atamufunditsa jekete lawo. Zimenezi sindinazinene pabwalo paja, ngakhale ndinkayenera.

Kwathu kuno maliro sauza munthu wa kutali mwachindunji. Umamulembera kuti matenda akula, abwere msanga. Iye amanyamuka ali ndi mphamvu zoyendera, mwina akukayikira, koma osatsimikiza. Akafika, akuluakulu amamulandira panjira, kumukhazika pansi, kumuuza pang'onopang'ono, pali anthu oti amugwire. Titaika Esinala, ine monga mwini mbumba ndinapita kwa a Banda kuti atilembere kalata yotere kwa Zefaniya. Makalata amenewa anali atalembapo ambiri, mawu ake ankawadziwa pamtima. Analemba bwino, anandiwerengera, ndinavomera. Sindinadziwe kuti m'thumba la jekete munali kale kalata ina, ya masamba awiri, yopita ku wailesi. Makalata onse awiri anapita ku boma tsiku limodzi, pa njinga imodzi, imene anaisenza pamutu powoloka pamene panali mlatho.

Panapita masabata atatu. Anthu anali atayambanso kubwera pakhonde, pang'onopang'ono, poti mkwiyo suletsa munthu kufuna nyimbo. Linali tsiku la makalata a omvera, pamene anyamata a m'tauni ankapereka moni kwa makolo ndi zibwenzi. Khomo lolowera kalata ya munthu wa kumudzi linali lomwelo basi. Woulutsa anali akuseka ndi kalata ina, kenaka anakhala chete kanthawi, moti a Banda anagwira waya kuganiza kuti batire latha. Atayambanso, mawu ake anali ena. Anati walandira kalata yochokera kwa telala wa pa Nsaru, ndipo aiwerenga yonse. Anawerenga dzina ndi dzina, mudzi ndi mudzi, akupunthwa pa maina a Chilomwe, n'kubwereza. Amuna a ku esiteti amene analipo anavula zipewa. Chapakati pa tsamba lachiwiri ndinamva kuti Esinala Phiri, wa pa Nsaru, mkazi wa Zefaniya amene ali ku Wanki. Atamaliza maina onse anati pepani. Kenaka inalira gitala, nyimbo yovina ya mtsikana wa m'tauni, imene wina anapempha kuti aimbire wokondedwa wake.

Ndinawayang'ana a Banda. Anachotsa mapini kukamwa mmodzimmodzi n'kuwabaya pa kolala. Tsiku limenelo sanazimitse wailesi, ndipo nyimboyo inaimba mpaka kumapeto.

Za ku Wanki tinazimva patapita miyezi, kwa munthu wa ku Kabudula amene ankagwira ntchito limodzi ndi mlamu wanga. Kalata yathu inafika bwino. Zefaniya anapempha tchuthi, anagula bulangete ndi botolo la mankhwala a wodwala, anamanga katundu. Kutatsala masiku awiri kuti akwere sitima, anapita ku holo ya m'komboni kukatsanzika anzake, ndipo wailesi inali yotsegula. Anamva dzina la mkazi wake pakati pa anthu osewera bawo. Akuti anakhala pomwepo mpaka gitala itatha, n'kutuluka. Bulangete anapatsa mlonda. Sitima sanakwere, ndipo kuno sanabwerenso. Anangotumiza mawu pakamwa akuti maliro ake analirira kale ku holo, ndiye sakuona choti adzachite kwa anthu amene anamulembera bodza n'kuuza dziko lonse zoona. Ana ndi a kwa mayi awo, zimenezo sitikana, ndipo ndinawalera ine. Koma wamkuluyo anakhala zaka zitatu akuthamangira kumsewu basi ikaima.

Ndiye ndinakasuma. Mfumu yathu inali munthu wofatsa, wosakonda milandu yaitali, koma tsiku limenelo anthu anadzaza. Ndinalankhula nthawi yaitali. Ndinati maliro ali ndi miyendo, sakwera mphepo. Ndinati dzanja lomwelo linalemba kuti matenda akula ndi lomwe linalemba kuti wafa. A Nankhoma anaimirira n'kunena kuti chiyambire makolo sanamvepo maina a akufa akuponyedwa m'mwamba ngati mankhusu, kuti aliyense atole, kenaka n'kuwavinira. Anali a Nankhoma omwe aja anakalipa kuti wailesi sinatchule maina. Ine ndinaona zimenezo, koma anali kumbali yanga, ndiye ndinazilekerera.

Mfumu itawafunsa a Banda, anaimirira chipewa chili m'manja.

"A Phiri akunena zoona," anatero. "Mlongo wawo anali ndi eni ake pompano. Uthenga wake unali ndi njira yake, ndipo njirayo ndinailemba ndine. Pokopera maina ndinangotsata kope, tsamba ndi tsamba. Nditafika pa dzina lake dzanja silinafune kudumpha. Ndinaona ngati ndikamusiya ndiye kuti sanafe nawo anzake. Ndinalakwa."

"Ndiye mukupepesa, eti?" inafunsa mfumu, ikufuna kutseka nkhani.

"Pa dzina limodzi, mfumu. Enawo sindipepesa. Kodi pano alipo amene akanayenda wapansi mpaka ku Mulanje kukagwada pakhomo pa mlendo? A Phiri, inu mukanapita?"

 Mfumu inagamula kuti apereke nkhuku. Ndinailandira, ndipo ndinakhala zaka zambiri osaponda pakhonde pawo. Zovala zanga ndinkakasoketsa ku Namitete, kwa telala amene ankandifupikitsira miyendo ya buluku nthawi zonse.

A Banda mlandu wawo anaupititsa kwina. Analembera a wailesi makalata angapo, kufunsa kuti ndi munthu wotani amene amaika gitala pamwamba pa maliro. Yankho linabwera mochedwa, lolembedwa pamanja ndi woulutsa yemwe uja. Anati kalata ya maina anaipeza m'thumba la makalata a moni nthawi itakwana kale, anaitsegula ali pa mphepo, ndipo mbale ya nyimbo inali itaikidwa ndi munthu wina kuchipinda china. Anati akuluakulu ake anamudzudzula chifukwa chowerenga nkhani yosachokera ku boma, omvera ena anamudzudzula chifukwa chowaonongera nthawi ya moni, ndipo tsopano telala amene anatumiza mainawo akumudzudzulanso. Anamaliza ndi kufunsa ngati zikanakhala bwino akanaipinda kalatayo n'kuibwezera m'thumba. A Banda anaisunga kalata imeneyi m'kope. Akuti ankaiwerengera aliyense amene wayamba kutukwana wailesi, osanenapo ngati akugwirizana nayo kapena ayi.

Anthu atakolola chaka chimenecho, alendo anayamba kutsika basi pa Nsaru, awiri lero, atatu sabata yamawa, akufunsa kwa telala. Ena anamva okha pa wailesi ya ku esiteti ya tiyi, ena anauzidwa ndi amene anamva. A Banda ankatseka makina n'kuwaperekeza kutsidya, kukawaonetsa kamtengo ka kansalu kawo. Ndinkawaona akudutsa kuseri kwa munda wanga, ndipo ndinkawerama ngati ndikupalira. Ambiri anabwera kamodzi. Mayi wina wa ku Mulanje, a Ediya, amene anataya mng'ono wawo ndi khanda lake, ankabwera chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti, atanyamula nandolo ndi makaka a chinangwa m'kansalu. Timitengo titaola ndi chiswe, a Banda okha ndiwo ankadziwa kuti mtumbira uwu ndi wa yani, ndipo ankawerenga kuchokera pa mtengo wa mkuyu.

Dziko linasintha, monga mukudziwa. Wailesi zinachuluka, ndipo mauthenga a maliro anapatsidwa nthawi yawoyawo tsiku lililonse, popanda gitala. Lero munthu akamwalira, asanamusambitse n'komwe wina wakwera kale njinga kukatumiza uthenga. Amayi anga atamwalira, ine ndemwe ndinatumiza ku wailesi kuti abale a ku Kasungu amve. A Banda anabwera pa maliropo n'kundigwira chanza. Koma kwawo nthawi ya mauthenga amenewo ikakwana ankazimitsa, n'kunena kuti akusunga batire.

Tinayambanso kulankhulana pa ukwati wa mwana wa Esinala. Mtsikanayo anakana telala wa ku Namitete, anati akufuna amene anasokera mayi ake. Ndinamuperekeza ndekha. Delesi litatha ndinatembenuza mpendero mwachizolowezi, ndipo kamtanda munalibe. Ndinafunsa ngati ulusi wofiira unatha. Anati anasiya chaka cha madzi chomwe chija, chifukwa safuna kudzakumananso ndi ntchito yawo m'bango. Kuyambira pamenepo ndinkakhala pakhonde pawo madzulo ambiri. Za Zefaniya sitinazitchulepo ngakhale kamodzi.

Uthenga wa maliro awo ndinaupititsa ku Kabudula wapansi, monga anafunira, ine ndi mnzanga wina wa mawondo ofooka ngati anga. Ena anapita ku Nambuma, ena ku Mpingu. Tinagwada m'makomo, tinayamba ndi za matenda, tinamaliza ndi za imfa, zonse mwa dongosolo lake. Kumene miyendo inalekera, uthenga unalekeranso komweko.

Sabata yatha a Ediya anatsika basi ndi kansalu kawo pamutu. Akalamba tsopano, amayenda ndi ndodo. Anandipeza ndikudutsa pamsika, ndipo poti ankandiona pakhonde paja anandifunsa ngati atelala apita kumunda. Ndinawakhazika pansi pa mtengo n'kuyamba kunena kuti matenda anakula. Anandidula.

"Anamwalira liti?"

"Mwezi wa Juni, mayi."

"Ine wailesi sindiphonya, bambo. Chiyambire chaka chija sindiphonya. Bwanji simunalengeze?"

"Anakana okha. Anati upite ndi miyendo."

Anatsamira ndodo yawo. Kenaka anati, "Nanga ife amene tinamva ndi wailesi, ankati timva ndi chiyani?"

Ndinawathandiza kudzuka. Ndinawaperekeza kutsidya, tinawerenga mitumbira kuchokera pa mkuyu, koma ine sindinkadziwa kuti tiyime pa wachingati. A Ediya anagwada pakati penipeni n'kulirira yonse.

Pobwerera anapempha kuti tidzere kunyumba kwa atelala. Makina anatenga mwana wa mlongo wawo, kope nalonso lili m'sutikesi kwa iye ku Lilongwe. Pakhonde patsala timaenje tinayi pamene panakhala miyendo ya makina, ndi malo osalala pamene phazi lawo linkapumira. Pakhoma pali msomali, ndipo pamsomalipo papachikidwa kachovala ka khaki ka mabatani atatu, kopanda kanthu mkati. Nsungwi yapendekera ku denga, waya wake walendewera, ndipo mdzukulu wa a Nankhoma amayanikapo matewera. A Ediya anamasula kansalu, anaika nandolo ndi makaka pakati pa timaenje tija, anawomba m'manja katatu kupereka moni. Tinadikira pang'ono, tonse awiri, kenaka tinapita kukadikira basi.